Mphero ya Apongozi Anga

Buku loyamba kukhala langalanga linalibe chikuto, ndipo masamba ake oyambirira wina anali atapichira kale fodya. Anandipatsa ndi khukhi wa mzungu wa pa esiteti pamene ndinkagwira ntchito yodulira tiyi. Kusukulu ndinangosuzumirako. Chingerezi ndinachitola ndekha pa nyuzipepala zokulungira matemba, choncho ndinkawerenga ndi chala, milomo ikuyenda ngati ya mbuzi yobzikula.

Masiku amenewo ndinali nditangolowa chikamwini kumudzi kwa mkazi wanga, chakufupi ndi Thuchila. Mkamwini watsopano sawerenga buku pakhomo. Ukangoti ukhale pansi, maso onse amakufunsa ngati khasu lathyoka. Ndiye Loweruka lina titaweruka ndinabisa buku lija m'malaya n'kutsetserekera kumtsinje. Kumeneko kuli thanthwe lalikulu lotambalala, mkuyu utaliphimba mbali imodzi. Pathanthwepo ndinapeza maenje osaya, osalala ngati m'kati mwa mbale, ndipo ndinangoti ndi mvula inachita zimenezi. Ndinayesa kukhala m'dzenje limodzi, linali lalikulu. Lina linali lopendekeka. Koma la kumapeto, pamthunzi penipeni, linandikwana ngati telala wa pa Chonde anachita kundiyeza ndi tepi.

Zimene ndinkawerenga tsiku limenelo ndikuzikumbukira bwino, chifukwa ndi zimene zimandichititsa manyazi kwambiri. Bukulo linkanena za anthu ena a ku Amereka, eni dziko akalekale, amene ankatola mtedza wowawa wa m'mitengo ikuluikulu. Akazi awo ankausinja m'maenje a pathanthwe, n'kuthira madzi paufawo mobwerezabwereza mpaka kuwawa kutatha, kenako n'kuphika phala. Ndinawamvera chisoni anthu amenewo. Ndinapukusa mutu n'kunena chamumtima kuti kodi chimanga sanachimve? Munthu n'kumadya zoperedwa pamwala wa pamtetete, pamene pamayenda abuluzi! Ndinachita kulavula malovu chifukwa cha nseru, ndili phee m'dzenje langa londikwana lija.

Nditadzutsa mutu ndinaona amayi angapo ataima, malichero a mapira ali pamutu. Patsogolo panali apongozi anga, amayi a mkazi wanga.

Mwambo wa kumeneko unali woti mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso, salankhulana mwachindunji, ndipo akakumana panjira mmodzi amapatukira m'tchire. Ndinayenera kuthawa. Koma miyendo inali itachita dzanzi, ndipo dzenjelo linali litandigwira bwino lomwe. Amene anayamba kulankhula anali mayi wa nyumba yoyandikana ndi yathu, msuweni wa mkazi wanga, choncho mlamu wanga, munthu amene mwambo womwewo unamupatsa ufulu wondiseka mmene angafunire.

“Alamu, mwakhala bwino?”

“Ndakhala bwino, zikomo.”

“Pakukwanani?”

“Pakundikwana ndithu.”

“Eya, tathokoza. Pamenepo ndi pamene panachokera phala lija mwamwa m'mawa.”

Ine ndinakulira m'komboni ya pa esiteti, kumene ufa unkabwera ngati phoso, m'matumba a kampani. Mtondo ndinkaudziwa. Mphero yonyamulika ndinali nditaionapo. Koma zoti thanthwe lathunthu n'kukhala mphero za mudzi wonse, dzenje lililonse ndi mwini wake, palibe anandiuzapo. Ndipo pa maenje onse aja ndinasankha la apongozi.

Iwo sanandiyang'ane. Anatembenukira kumkuyu, nalankhula nawo m'Chilomwe mawu angapo amene ndikuthokoza kuti sindinawamve onse. Kenako analavula, nati m'Chichewa, kuti pasakhale chokayikitsa:

“Mtengo iwe, ukamuuze mwana wanga kuti mwamuna wake wapeza mpando. Nanga ine ndizikapera pati?”

Apongozi anga anali munthu wa nseru. Sankamwera chikho chimene wamwera wina. Ntchentche ikatera pandiwo, mbale yonse inkapita kwa galu. Ndiye mmene anatsukira dzenje lija ndinaonera ndili chapatali, nditabisala m'nthochi ngati mbava. Anathira madzi otentha. Anathira phulusa n'kukwecha ndi mchenga. Anaunjika mapesi n'kuyatsa moto m'dzenjemo, moto utazima anasesa, nafinyiramo mandimu. Pomaliza anaperamo madeya n'kukawataya kutali, kuti ngakhale nkhuku zawo zisawadye. Anachita zimenezi masiku angapo. Ine tsiku lija ndinali nditasamba, ndi sopo ndithu, ndiponso ndinali nditavala kabudula wochapa, koma panalibe woti ndikamufotokozere.

Pang'onopang'ono ndinalidziwa thanthwe lija, ngakhale kuti sindinakhalenso pamenepo, ngakhale m'mphepete. Dzenje la apongozi linali la amayi awo, amene anabwera ali mtsikana kuchokera kwa Apwitikizi, kuseri kwa phiri. Akuti pofika anapeza maenje ena alipo kale, ndipo palibe ankadziwa amene anawayamba. Anangogwada n'kupitiriza. Mayi aliyense anali ndi mwala wake woperera, wokwana m'manja awiri, umene ankati mwanamphero, ndipo sunkagona kumtsinje. Ankaperapo mapira, mawere, nthawi zina makaka ophwanyaphwanya, chinangwa chouma chija. Pambali pa thanthwe ndi pamene ankaphikiranso kalongonda, chifukwa madzi ndi nkhuni zinali pafupi. Nyemba zimenezo zimafuna tsiku lonse: kuwiritsa, kusenda, kukhetsa madzi akuda bii, kuthira ena, kuwiritsanso, mpaka ululu wake utatha. Ukafulumira, amati mutu umazungulira n'kuyamba kulankhula ndi mitengo. Madzi okhetsedwawo ankandinyansa, ankaoneka ngati otsukira njinga. Ndinkadya chifukwa mkamwini sakana mbale. Ndipo tsiku lina ndikumeza movutika ndinakumbukira anthu a m'buku langa aja, amene ndinawaseka kuti amatsuka chakudya chowawa. Ndinangotafuna mwakachetechete.

Patapita zaka, munthu wina anaika chigayo cha dizilo pa Thuchila. Kunena zoona, ndinasangalala. Mkazi wanga mawondo anali atada ndi kugwada, ndipo tsopano ankangonyamula dengu m'mawa n'kubwera masana ndi ufa. Amayi anayamba kusiya thanthwe mmodzimmodzi. Apongozi anakakamira mpaka miyendo yawo itayamba kutupa, njira yotsetsereka ija itawakanika. Mwanamphero wawo anamukulunga m'kansalu n'kumuika kumutu kwa mphasa.

Thanthwe silinakhale nthawi yaitali lopanda mwini. Panali bambo wina amene ankapha nkhumba n'kukagulitsa pamsika Loweruka lililonse. Anaona kuti pamalopo m'posalala, madzi ali pafupi, ndipo maenje aja ali ngati mabeseni amene wina anamukonzera. Limodzi linkalandira magazi. Lina ankathiramo madzi otentha opalira ubweya. La apongozi, chifukwa chokhala pamthunzi, ankatsukiramo matumbo.

Mudzi wonse unkadziwa, ndipo mudzi wonse unakhala chete. Bambo ameneyu anali mng'ono wake wa tcheyamani wa chipani wa dera lathu, ndipo masiku amenewo mawu ankamera miyendo. Ukadandaula za fungo madzulo, m'mawa unkamva kuti wanyoza boma. Amayi omwe aja amene agogo awo anagwada pathanthwepo ankadutsa atatseka mphuno ndi nsonga ya chitenje, n'kukatunga madzi kumtunda. Amuna tinkadutsa tikuyang'ana kuphiri ngati tikuona nyengo. Ine amene ndinkadziwa mawu aatali a Chingerezi ndinalibe ngakhale limodzi lalifupi la Chichewa. Chinthu chimodzi chokha tinagwirizana popanda msonkhano: apongozi asamve. Mphepo ikabweretsa fungo kumudzi, tinkati kwafa galu kudambo. Chaka chimenecho kunafa agalu ambiri.

Ndiye m'chilimwe china apongozi anadwala. Chinayamba ngati malungo, malungo n'kutha, koma chilakolako cha chakudya osabwerera. Chilichonse chinkawanunkhira. Phala la ufa wa kuchigayo akangolinunkhiza ankatembenukira kukhoma.

“Dizilo,” ankatero. “Mukundimwetsa galimoto.”

Wachipatala wa pa esiteti anatipatsa mapiritsi, nati mankhwala sagwira m'mimba mopanda kanthu, ndipo akapitiriza kukana kudya tiyambe kuitana abale. Manja awo anali atasanduka timitengo. Mkazi wanga, amene nthawi imeneyo anali woyembekezera, mimba itakula, ankagwada pambali pa mphasa ndi mbale mpaka phala kuzizira.

“Amayi, nanga mudya chiyani? Tchulani.”

“Mapira. Opera pamphero yanga.”

Tinayesa kuwanamiza. Mkazi wanga anasinja mapira mumtondo, nasefa kawiri. Iwo anangotsina ufawo ndi zala ziwiri n'kunena kuti, “Wa mumtondo uwu.” Tinabwereka mphero yonyamulika kumudzi wina. Anafunsa kuti ndi ya yani, ndipo atamva anati, “Amene uja amaperapo fodya wa m'mphuno.” Mwina zinali zoona. Sanalawe n'komwe.

Usiku sitinagone bwino, koma nkhani yake tinaikamba m'mawa, kuseri kwa nkhokwe, mlamu wanga ali pomwepo. Mkazi wanga anati, “Inu, ine kumtsinje kuja sindingafike. Ndikangomva fungo lija mwana amatembenuka m'mimba.” Alongo ake anali ku migodi ku Joni. Mlamu wanga uja anati iye ali ndi ana oti awalere, sangakayambane ndi a tcheyamani. Onse awiri anandiyang'ana. Ndinayang'ana kumbuyo kwanga, kunali nkhokwe basi.

Bambo wa nkhumba ndinamupeza Loweruka m'mawa, atapinda buluku, manja ali m'dzenje la apongozi mpaka m'zigongono. Ankafinya matumbo ngati mayi wochapa matewera, zam'kati zikutuluka zobiriwira n'kumayandama. Ntchentche zinkachita phokoso ngati njuchi.

“Aphunzitsi!” Ankanditchula choncho chifukwa cha mabuku. “Mwabwera kudzatiwerengera? Ngati ndi mchira, watengedwa kale.”

“Ayi achimwene, ndabwera kudzapempha dzenje limenelo.”

Anayang'ana dzenje, nandiyang'ana ine.

“Mulinyamula pamutu kapena panjinga?”

Ndinafotokoza za apongozi. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi phewa. Kenako kuseka kunaima mwadzidzidzi.

“Ndiye mukuti amayiwo akukana ufa wa kuchigayo? Akuti ukununkha?”

“Ndi matenda chabe, achimwene.”

“Chigayotu ndi chitukuko, aphunzitsi. Inu owerenga mukudziwa. Ndiye chitukuko chikununkha?”

Ndinati ayi, chitukuko sichinunkha, lilime la wodwala ndi limene lalakwa, ngakhale uchi angati ukuwawa. Ndinanena zimenezi nditaima pakati pa ntchentche, phazi langa litaponda chinthu chofewa chimene sindinafune kuchiyang'ana.

“Ndikuseka chabe,” anatero, maso osaseka. “Thanthwe ndi la Mulungu. Kuyambira mawa mpaka Lachisanu ndi lanu. Loweruka ndi langa.”

Ndipo ine ndinaomba m'manja. Ndinawerama, n'kuthokoza munthu pondibwereka mphero ya apongozi anga. Pa zonyansa zonse za sabata imeneyo, chimenechi ndi chimene mpaka lero sichinatsukike.

Lamulungu sindinapite kutchalitchi. Ndinatsetsereka ndi chitini cha madzi, nkhuni ndi phale loti ndikolowolere. Dzuwa linali litawomba kale pathanthwe, ndipo fungo linandilandira ndisanauone mkuyu. Silinali fungo la nyama yowola lokha ayi. Linali lonona, lolemera, lokhala pa lilime, loti ukameza malovu umalimeza. Agalu awiri anadzuka n'kusuntha pang'ono, kundipatsa malo ngati mnzawo.

M'dzenje munali chikhungu chakuda chouma pamwamba. Nditachibowola ndi phale, pansi pake panali pamadzimadzi, ndipo pankayenda. Mphutsi zoyera, zonenepa ngati mpunga wofufuma, zinkapiringizana osafulumira, ngati zikudziwa kuti kwawo n'komweko. M'mbali monse munali mafuta achikasu omata ndi ubweya wa nkhumba. Phale linasweka pa ulendo wachitatu. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna china, panalibe. Ndinalowetsa dzanja. Zinali zofunda. Zimenezo ndi zimene sindinayembekeze, kuti zikhala zofunda ngati chinthu chamoyo, ndipo zina zinayamba kukwera pamkono. Ndinasanza pambali pomwepo, n'kuzindikira kuti ndawonjezera ntchito, chifukwa masanziwo ankatsetserekera m'dzenje momwemo.

Nditamaliza kukolowola, ndinaima n'kudzifunsa kuti mwala umatsukidwa bwanji. M'mabuku anga munalibe. Koma ndinakumbukira kuti ndinaonapo munthu akutsuka dzenje lomweli, ndi mtima wake wonse, pochotsa ine. Ndiye ndinatsatira ndondomeko ya apongozi. Madzi otentha. Phulusa. Mchenga, kukwecha mpaka zala kutuluka magazi. Kenako mapesi ndi moto.

Moto ndi umene unandionetsa kuti mafuta analowa m'kati mwa mwala. Thanthwe litatentha linayamba kutuluka thukuta, timadontho tikuthetheka, ndipo fungo linasintha. Linakhala la nyama yootcha ya pamsika, ija amadyera mchere ndi tsabola. Ndili ndi manyazi kulemba izi, koma m'kamwa mwanga munadzaza malovu. Munthu yemwe uja wa mphutsi pamkono. Ndinalavula, n'kudzitukwana, n'kuwonjezera mapesi.

Tsiku lililonse ndikaweruka ku esiteti ndinkapita molunjika kumtsinje. Madzulo dzenje linkaoneka loyera, ndikagwada n'kununkhiza ndinkamva phulusa lokha. Mawa lake dzuwa likaliwomba, kafungo kankabwereranso, kochepa koma kamwano. Kunyumba apongozi ankangomwa madzi, ndipo mawu awo anali atayamba kuchepa moti mkazi wanga ankachita kuika khutu pakamwa pawo. Ine pakhomo sindinkaloledwa kukhudza chikho. Mkazi wanga ankandiikira chakudya patali ngati wakhate, nati manja anga akununkha ngakhale nditasamba ndi mchenga.

Mlamu wanga ankabwera, n'kuima kumene kukuchokera mphepo, atanyamula phulusa la kukhitchini kwake ndi mandimu.

“Alamu, mukukonza mpando wanu?”

“Thandizeni kukwecha, alamu.”

“Ine? Ndili ndi mwamuna woti andinunkhize madzulo. Kwechani kuno, mwasiya. Ayi, uko. Kodi m'buku lanu lija sanalembe?”

Koma ndi iye amene anabweretsa madeya, nagwada kuwapera ndi mwala wake, kawiri konse, n'kukawataya kumadzi. Atamaliza anaika mphuno m'dzenje nthawi yaitali, nadzuka akukwinya nkhope.

“Ine sindikumva kanthu. Koma ine si iwo.”

Lachisanu m'mawa kwambiri, dzuwa lisanautse mwala, mkazi wanga anapempha mwanamphero kwa amayi ake. Akuti anatsegula maso, namukankhira kansalu kaja ndi chala. Tinatsetsereka pang'onopang'ono, iye atamanga mpango pamphuno, m'kati mwake muli makoko a mandimu. Maenje ena onse ndinali nditawakwirira ndi mchenga ndi masamba a nthochi, koma ntchentche sizinanamizike. Ndinaima pambali ndi nthambi ndikuziingitsa, iye atagwada chammbali chifukwa cha mimba, akupera. Phokoso lija, la mwala pamwala ndi mapira pakati, linali litasowa m'mudzimo nthawi yaitali, ndipo amayi awiri opita kukatunga madzi anaima kumvetsera. Sanatsike. Anangoima, mphuno zili m'chitenje, kenako anapitirira.

Phala linaphikidwa masana. Ine sindikanalowa m'nyumba ya apongozi, choncho ndinakhala panja, nditatsamira khoma, pafupi ndi kazenera kotseka ndi udzu. Ndinamva mkazi wanga akuwadzutsa, akuwatsamiritsa. Kenako zii. Ndinadziwa kuti akununkhiza.

“Wa pathanthwe uwu,” anatero mawu aja ochepa.

“Eya amayi. Ndapera ndekha.”

Apongozi ananunkhizanso.

“Koma pali kanthu.”

Ndinamva supuni ikugunda m'mphepete mwa mbale.

“Kanthu kanji amayi?”

“Kafungo. Ka thupithupi. Ka chinthu chosasamba.”

Ndinatseka maso. Ndinadziwa kuti akangofunsa kachiwiri, mkazi wanga aulula, chifukwa sankatha kunamiza amayi ake maso ndi maso. Ndipo akamva za nkhumba, za matumbo m'mphero ya amayi awo, sadzatsegulanso pakamwa, ngakhale kumwa madzi a mumtsinje umenewo.

“Iwe,” anatero apongozi. “Mwamuna wako uja wayambiranso kukhalapo?”

Ndiye ine ndinatsokomola, n'kutembenukira kunkhokwe imene inali patsogolo panga.

“Nkhokwe iwe,” ndinatero mokweza, “uwauze amayi kuti ndinakhalapo pang'ono dzana. Ndinatopa pochokera kuntchito. Ndapepesa kwambiri.”

M'nyumba munamveka kulavula. Kunali kulavula kofooka, koma kunali kwawo kwenikweni.

“Ndinadziwa. Munthu wobadwira m'komboni. Mipando yonse ili m'dziko muno!” Anapuma kaye, mpweya ukuvuta. “Bweretsa kuno. Zimenezo ndinadyapo kale, sindinafe.”

Ndinamva supuni ikulowa m'phala. Ndinamvanso kachiwiri. Ndinakhala pamenepo mpaka inayamba kukanda pansi pa mbale.

Apongozi anadzuka pamphasa paja. Anamuona mdzukulu wawo, namusambitsa, nakhala nafe nyengo zina zingapo za mvula. Kumtsinje sanatsikenso, ndipo za nkhumba anapita osazimva. Loweruka lake bambo uja anabwera ndi nkhumba yake monga mwa nthawi zonse, nandithokoza pomutsukira beseni. Ufa ukatha ndinkayambiranso, phulusa, mchenga, moto, ndipo sindinazolowere ngakhale kamodzi. Nyama ya nkhumba sindidya mpaka lero. Mlendo aliyense wobwera kudzawazonda apongozi ankamuuza, ine ndili pomwepo kuseri kwa khoma, kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wauve amene sangaone mwala woyera osaukhalira. Mbiri imeneyo inafika mpaka kutchalitchi, ndipo amayi ena ankapukuta benchi ndikanyamuka.

Koma madzulo a Lachisanu lija, mbale itatuluka yopanda kanthu, ndinapita kuseri kukasambanso m'manja. Mlamu wanga anali ataima pampanda wa pakati pa nyumba zathu, ndipo zinali zoonekeratu kuti wamva zonse. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, maso n'kuima pakati.

“Alamu, amuna onse a m'mudzi muno nkhumba zija amaziopa, amangodutsa akuyang'ana kuphiri. Inu mwazisenza zonse, ndi matako awiri okhawo, owondanso. Koma musanyade nazo. Mawa ndi Loweruka, ndipo phulusa langa latha. Mukapemphe kwina.”